Mkazi Wachiwiri wa a Heaika

Ku Máze, mudzi wa kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi kumene kumazizira koopsa, aliyense ankadziwa kuti a Heaika ndi amitala. Mkazi wamkulu anali Risten, wa kutchalitchi. Wamng'ono anali sikuta, njinga yamoto yoyenda pa chipale chofewa, imene bamboyo ankalondolera mphalapala zake zoweta. Wokondedwa anali wamng'onoyo. Madzulo ankamufundika chikopa, m'mawa ankayamba kulonjera iyeyo, khofi wa Risten akuzizira patebulo. Zaka makumi atatu ndi zisanu mayiyu anangopirira, akusoka nsapato zaubweya, akulera ana mpaka onse anathawira kutauni. Masikuta anatha anayi, koma ulemu wake sunathe.

Madzi anafika m'khosi m'mawa wina, atapeza bulangete lake la tsiku la ukwati litafundikidwa pa sikuta. Analiponya pansi, nalongedza chikwama, nanena kuti akupita kwa mchemwali wake kutsidya la mtsinje woundana ndipo sabweranso. Poti basi kunalibe, anakwera mkazi mnzake yemweyo n'kuliza injini.

A Heaika anatuluka chothamanga, atavala kabudula ndi nsapato basi. Mtima wa Risten unagunda, poganiza kuti lero lokha apepesedwa.

"Amake Sunna, musafinye moto msanga," anatero bamboyo. "Injini ikadali yozizira. Ipatseni mphindi khumi."

"Ndikukusiyani, bambo inu. Mwamva kapena makutu aundana?"

"Ndamva. Koma mukanyamuka pano ikakuferani pakati pa mtsinje, ndipo kuzizira kwa leroku sikuseka ndi munthu. Tatsikani kaye."

Zinamuwawa zedi, koma ulaliki umenewu anali ataumva kambirimbiri ndipo ankadziwa kuti ndi woona. Anatsika. Injini ikuguguda pang'onopang'ono, a Heaika anagwedeza mapazi akutsogolo a sikutayo amene anali atamatirira pa chipale, nanyamula kumbuyo n'kugwetsa katatu kuti lamba wapansi woyendera amasuke, uku mano akuwombana. Kenaka anatenga kachingwe kamene kamazimitsa injini woyendetsa akagwa, nayamba kukamangirira pa chikhoto cha Risten. Zala zinkakana ndi chisanu.

"Aka musachotse," anatero, maso ali pa mfundo. "Sikuta ikagwera m'dzenje ndikagula ina. Nanga inu ndikakuguleni kuti?"

Zaka zonsezo, mawu achikondi a munthuyu anali omwewo, ndipo anachita kudikira kuti maondo ake abiriwire ndi chisanu. Risten anafuna kuseka, anafunanso kulira, ndipo zonse ziwiri zinamukwiyitsa.

"Mphindi khumi zakwana," anatero a Heaika motsitsa mawu. "Tsopano ikhoza kuyenda."

Risten anasolola kachingwe kaja pa sikuta, injini n'kuzima. "Tolani bulangete langa," anatero. "Ndione amene mumufundike."

Bamboyo analitola, nalikung'untha, naima pakati pa akazi ake awiri. Anachedwa pang'ono, tisanamizane. Koma analiika pa mapewa a Risten, ndipo sikuta inakhala panja tsiku lonse yosafunda.