Mapazi anga atasiya kumva

Chizindikiro choyamba chinabwera masana, dzuwa lili paliwombo. Zinali m'zaka za m'ma 1950, m'nyengo yotentha ija mvula isanagwe. Pa nthawiyo ndinali alfayati, ndiko kuti wosoka zovala, pakhonde la kantina ya Mwenye wina ku Mualadzi. Tsikulo ndinkasoka kabudula wa sipayi, wapolisi wa ku posito, ofesi ya boma ya m'dera lathu. Nditayang'ana pansi ndinaona mapazi akupalasa makina bwinobwino, koma sindinkawamva. Zinali ngati pansi pa meza pabisala munthu wina amene akundipalasira. Ndinawerama n'kutsina chala chachikulu mpaka chikhadabo chinasiya chidindo, koma ululu sunabwere.

Ndinali munthu wonenepa kwambiri. Khasu ndinali nditalisiya kalekale, munda ankalima ndi mkazi wanga Nangondo ndi abale ake. Ine ndinkakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mwenye ankandipatsa tiyi wodzaza shuga ndi pawu, buledi uja wa Apwitikizi. Alimi odzasoketsa ankandibweretsera nyama ya nkhumba, ndipo ndinkasankha pa mafuta. Madzulo aliwonse ndinkamwa vinyo. Anthu akamati, "A Fabiyano, thupi likukukondani," ndinkanyadira. Khosi linali litalowa m'mapewa, ndipo kuti ndimange nsapato ndinkayamba ndapuma kaye.

Mvula yoyamba itagwa, ludzu linandigwira. Ndinkamwa madzi chikho ndi chikho koma kukhosi kuli gwa. Ndinkapita kuseri kwa kantina kukataya madzi pafupipafupi, ndipo pamalopo nyerere zinayamba kusonkhana. Ndikasintha malo, nazonso zinkasintha. Tsiku lina zinapanga mzere kuchokera kuthengo mpaka pampando wanga, n'kukwera mwendo ine osamva. Mayi wina amene ankadikira kuti ndimusokere anaziona. Anatenga nsalu yake yosasoka n'kuchoka osatsanzika.

Ndinayambanso kugona ndili pa ntchito, maso ali otsegula pang'ono, dzanja lili pa nsalu. Mphekesera inamveka m'midzi yakuti ine ndinafa kale, Mwenye anandisandutsa ndondocha kuti ndizimusokera. Anthu ankaima patali m'bwalo la kantina n'kumayang'ana pansi, kufuna kuona ngati ndili ndi chithunzithunzi. Sindibisa, nanenso ndinkachiyang'ana. Tinapita kwa sing'anga, tinathira nsembe ya ufa kwa mizimu ya kuchikazi, koma mapazi anakhalabe ngati zitsa.

Amene anaona choopsa chenicheni anali Nangondo. Pondisambitsa mapazi anapeza singano yothyoka italowa m'chidendene. Pozungulira pake panali patada ndi kutupa. Sindinadziwe tsiku limene inalowa. Anaizula, koma chilonda sichinapole. Chinkakula ndi kununkha, ine osamva kanthu. Enifirimeru, namwino wa ku posito, atachiona anangoti, "Izi si za kuno. Pitani ku Tete msanga."

Ndinakwera kamiyau, lole yonyamula chimanga, nditagona pamatumba. Tinawoloka Zambezi pa batelau, chombo chowolotsa magalimoto, ndipo ndinagonekedwa m'chipinda chachitali cha amuna. M'mawa uliwonse belu likalira, enifirimeru ankabwera kudzatsuka chilonda, kundibaya jakisoni ndi kutenga mkodzo m'kabotolo. Ankausakaniza ndi mankhwala a mtundu wa thambo n'kuuwotcha pa kamoto. Ndinkayang'anitsitsa madzi aja akusintha okha, kuchoka pa mtundu wa thambo kufika pofiira ngati njerwa. Tsiku loyamba tsitsi linandiimirira, chifukwa ngakhale kwa sing'anga sindinaonepo zotere.

Dotolo anali Mpwitikizi wosalankhulalankhula. Kudzera mwa womasulira anati, "Palibe amene wakulodzani. Shuga wachuluka m'magazi, ndipo thupi lalemera kuposa miyendo yanu. Mukapanda kusintha kadyedwe, phazi ili tidula."

Kuyambira pamenepo tiyi ankabwera wopanda shuga. Nsima inali kamtanda kamodzi, ndiwo zake nyemba ndi masamba. Njala inkandilirisa m'mimba tsiku lonse. Nangondo, amene ankagona kunja pamodzi ndi amayi ena odwazika, tsiku lina anandibweretsera nzimbe atabisa m'nsalu. Ndinaigwira, ndinainunkhiza, kenako ndinamubwezera.

Chimene chinandilimbitsa mtima chinali bedi loyandikana nalo. Panagona a Lampiyau, bambo wa ku Nsadzo, amene kale anali wophika wa Mzungu. Matenda awo anali omwewa, koma iwo anafika mochedwa, ndipo mwendo wakumanzere anaudula m'munsi mwa bondo. Masana, m'chipinda mukakhala zii, ndinkamva zikhadabo zikukanda nsalu. Anali iwo, akukanda pamalo pamene panalibe phazi. Tsiku lina anandiitana.

"Achimwene, tandikandani chala chaching'ono, chikundiyabwa. Dzanja langa silikufika."

Ndinatambasula dzanja n'kukanda nsalu yopanda kanthu kumapeto kwa bedi.

"Eya, pomwepo," anatero, n'kutseka maso ngati munthu wapeza mpumulo.

Ndinawakanda choncho masana ambiri. M'mawa wina ndinapeza matiresi awo atapindidwa, zitsulo za bedi zili pamtunda. Anali atamwalira usiku. Masana a tsikulo, m'chipinda muli chete, ndinamva kukanda kuja kuchokera kubedi lopanda munthu. Mwina anali khoswe. Sindinayang'ane pansi pake.

Chilonda chitayamba kutseka, anandilamula kuti ndiziyenda. Poyamba ndinkangofika kumapeto kwa khonde n'kutsamira khoma, mtima ukugunda ngati mtondo. Kenako ndinkazungulira bwalo, pambuyo pake ndinkafika pamene mtsinje umaonekera. Madzi a m'kabotolo anasiya kufiira. Anakhala achikasu, kenako obiriwira. Anthu atayamba kukolola chimanga, anandilola kubwerera kwathu ndi mapazi onse awiri.

Kunyumba kunali kovuta kuposa kuchipatala, chifukwa kunalibe belu kapena enifirimeru wondiyang'anira. Tinagwirizana ndi Nangondo kuti ufa uzikhala wa mgaiwa, mtanda wanga usapose nkhonya yanga, ndipo mbale yaikulu ikhale ya nkhwani, chisoso, therere kapena khobwe. Nyama ndinkadya mwa apo ndi apo, mafuta nditachotsa. Vinyo ndi shuga ndinazisiya. Ndinagwiranso khasu. M'mawa ndinkalima, kenako ndinkayenda wapansi kupita ku kantina, osati panjinga. Malamulowa ndinawaphwanyapo kamodzi, pa ukwati wa mphwanga. Ndinadya ndi kumwa monga kale, ndipo ludzu lija linabwerera sabata yomweyo. Sindinabwerezenso.

Thupi litayamba kutsika, anthu omwe aja anati afiti akundidya ndili moyo. Ine ndinkangochepetsa zovala zanga pamakina. Nsalu zimene ndinadula m'mathalauza anga zinakwana kusokera mwana wathu Rozina kadiresi. Chaka chachiwiri, ndikupalira m'munda, munga unandibaya kuphazi ndipo ndinakuwa. Nangondo anathamanga ali ndi mantha, koma anandipeza nditakhala pamzere ndikuseka, misozi ikutsika.

Lero ndine nkhalamba. Maso achepa mphamvu ndipo kusoka ndinasiyira ana, koma kumunda ndimapita ndekha. Zala ziwiri za kuphazi lakumanja sizinayambenso kumva. Madzulo aliwonse ndimayang'ana mapazi anga dzuwa lisanalowe, ndipo ndimapitabe kuchipatala cha ku Chifunde kukapimitsa.

Kwa inu amene thupi likukula mpaka kukulemerani, musamvere okuyamikirani. Chepetsani zotsekemera ndi mafuta, chulukitsani masamba, ndipo tsiku lisathe musanayende mpaka kutuluka thukuta. Mukaona ludzu losatha, tulo ta masana, dzanzi m'mapazi kapena chilonda chosapola, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Ine ndinataya nyengo yathunthu ya mvula ndikufunafuna amene wandilodza, pamene matenda ndinkawanyamula ndi dzanja langa kupita nawo kukamwa.