Ndinafufuta Nyimbo za Mwana Wanga

Ambuye andikhululukire, ndinamunamiza mwana wanga Yamikani. Iye amaimba gitala, zija amati jazi, ndipo atatulutsa chimbale chake chotchedwa "Khomo Lakuseri" ananditumizira pa foni. Ine mumtima ndinati izi ndi za m'mabala basi. Ndinazifufuta osamverako n'komwe, kuti pakwane nyimbo za kwaya. Atandifunsa ndinati, "Ndamvera zonse mwanawe, n'zokoma zedi."

Pakamwa panga sipatseka. Ndinakadzitama kwa amayi anzanga a mvano, iwo n'kunena kuti Lachinayi abwera kwathu ku Manja kudzamvera. Ndinathamangira ku Limbe kwa abambo ena oika nyimbo pa fulashi. Ndinangotchula dzina la chimbalecho, iwo n'kuika, ine osayesa.

Tsikulo amayi anadzaza pabalaza, Yamikani atakhala chapakhomo, atavala shati yosita bwino. Titapemphera ndinalumikiza fulashi ku TV. Panatuluka filimu ya dzina lomwelo: mayi akupuma wefuwefu, chimunthu chitagwira mpeni kuseri kwa chitseko.

"Anakubala," anatero Mai Makwinja, "mwana wanu ndi uti, wampeniyu?"

Amayi onse anaseka mpaka misozi. Ine ndinayamba kuwanyoza abambo a ku Limbe. Yamikani sanaseke. Anazimitsa TV n'kundifunsa motsitsa mawu, "Amayi, nyimbo yachitatu munaikonda?"

"Kwambiri," ndinanamanso.

"Muli mawu anu mmenemo. Ndinakujambulani mukuimba pochapa."

Mpaka lero sindinalimbe mtima kumupempha kuti anditumizirenso.