Nkhoswe wa Mafayilo Awiri

A Malcolm a kwa Malemia amadziwika ndi zinthu ziwiri: unkhoswe ndi makompyuta. Zoyanjanitsa mabanja amazithadi. Za makompyuta, iwo eni amanena akuseka kuti anaphunzira mwa kuwononga, ndipo sukuluyo sanamalizebe.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi akhala akusunga kiyi wa chipinda cha makompyuta pasukulu ina kufupi ndi Malosa. Kiyiyo amamunyadira zedi, amapita naye ndi kutchalitchi komwe.

Chaka chatha, pulogalamu yolumikiza makompyutawo inakana kumangika, kutanthauza kusonkhanitsidwa bwino kuti iyambe kugwira ntchito. Kenelo, mtima wa kompyuta, inali ndi fayilo yake yofotokoza chinthu china. Laibulale, nkhokwe ya malangizo yomwe mapulogalamu amadalira, inalinso ndi fayilo yofotokoza chinthu chomwecho, dzina lomwelo. Mafayilowa akakumana, kompyuta inkangolavula mizere yodandaula kuti chinthu chimodzi chanenedwa kawiri.

Ahedi, mayi Sumaiya, sanapite m'mbali. "Likafika Lolemba zisanatheke, kiyi tipereka kwa katswiri wa ku Zomba."

A Malcolm anachita mantha. Mwaphuma anafufuta mizere yokanganitsayo mufayilo ya laibulale. Pulogalamu ija inamangika, iwo n'kuvina okhaokha m'chipindamo. Kuvinako kusanathe, mapulogalamu ena anayi odalira mizere yomweyo anakana kumangika.

Loweruka masana anakhala pakhonde atagwira tsaya, n'kufotokozera akazi awo, a Tisungeni, amene chibadwire sanagwirepo kompyuta.

"Ndiye mwathamangitsa mmodzi?" anafunsa mayiwo, uku akusankha tomato wa kumsika. "Bambo a Enock, inu ndi nkhoswe wanji? Pamlandu wa banja la a Twahir uja munathamangitsa ndani? Si munati woyamba alankhule amalize, winayo asabwereze zanenedwa kale?"

Manyazi anawagwira. Mawuwo anali awo omwe, koma anawasiya pamphasa ya mlandu.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi anabwezeretsa mizere ija. Anaika fayilo ya laibulale patsogolo, n'kulemba kamzere kouza ya kenelo kuti ikapeza chinthu chanenedwa kale, ikhale chete. Zonse zinamangika bwinobwino.

Lolemba ahedi anafunsa komwe anazitenga nzeruzo.

"Ndinafunsa katswiri, mayi," anayankha a Malcolm, "koma si wa ku Zomba."

Kiyi akadali naye. Kungoti masiku ano akafika pakhomo amamupachika pamsomali wa a Tisungeni, ndipo m'mawa uliwonse amachita kupempha.