Amene anathirira kovi m'mawa uja

Ambewe, amuna anga ouma mutu, lero chisanu cha Junyu chawaula kovi wanga yense, ndiye ndakumbuka inu. Chaka chija cha nkhondo tikubisala kuphiri ndi ana, munatsika kuti mukaone mudzi, masiku atatu osabwerera. Ana atayamba kulira njala ndinalawirira kudimba, nkhungu itakuta dambo lonse. Ndinakupezani mukuthirira, paja munkati kovi ukamuthirira dzuwa lisanatuluke chisanu sichimuwotcha. Ndinati, "Anzanu akuthawa mfuti, inu mukulera masamba? Kodi koviyu ndiye mwana wanu woyamba?" Simunaseke, simunatembenuke. Munangoti, "Anabanda, thyolani am'munsi okha, mtimawo muusiye. Fulumirani." Ndinathyola ndikulalata, inu kumangothira madzi. Ine mpweya unkafuka m'kamwa ndi kuzizira kuja, koma inu ayi.

Pobwerera ndinakumana ndi achimwene anu, khasu paphewa, dothi lofiira m'miyendo. Anati, "Mlamu, limbani mtima. Amuna anu atisiya, anawawombera pamsewu wa ku Furancungo, tawaika dzulo masana." Ndinayang'ana mtolo wanga wa masamba, madzi akudonthabe. Nditaye kapena ndiphike? Ana anali atatha masiku awiri osadya. Ndinaphika ndithu, opanda mchere, anadya onse anayi, palibe anadwala. Ine sindinalawe, ndipo sindinauzepo munthu, ngakhale abambo mfumu kutchalitchi. Ana anu, amene pano ali ndi imvi, adziwira pompano kuti tsiku lija anawadyetsa ndinu.