Chithunzi cha Anyina Wezi

Ndinaganiza zochoka ku Lundazi tsiku limene tcheni cha njinga yanga chinaduka kachitatu pa msewu wa ku Kapichila. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali ndikupalasa m'midzi, kamera pakhosi, kujambula maukwati, ana a ubatizo ndi alimi amene agulitsa fodya. Filimu ikadzaza ndinkaitumiza ku Chipata pa minibasi kukatsukitsa. Ndinatopa nazo. Mnzanga wina anali atandilembera kuti situdiyo ina ku Lusaka ikufuna munthu, ndiye ndinati basi, njinga idye dzimbiri.

Ife ojambula a m'midzi tinali ndi kabodza kathu. Filimu ikatha koma munthu wavala kale suti, sunkamubweza. Unkamuimika bwinobwino, kuphanimitsa flashi, iye n'kupita akumwetulira. Pakatha milungu iwiri unkamuuza kuti chithunzi chinapsa ku Chipata, n'kumujambulanso. Palibe ankafa nazo.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, alongo anga aakulu, Anyina Wezi, anandipeza pamsika ndikudikira minibasi. Ndiwo anandilera mayi atamwalira, ndipo pa maukwati akuluakulu ankandinyamulira chikwama cha kamera. Amuna awo tinali titawaika m'manda chaka chapitacho, ataonda mpaka wotchi kumatsetsereka pamkono. Alongo angawo anali akadali ndi masaya awo odzaza, ndipo anali atavala diresi yobiriwira yopita nayo kutchalitchi, ngakhale linali Lachiwiri.

"Fiskani, unijambule nikali na thupi," anatero. "Wezi akakula azanionela pamenepo."

Filimu inali itatha dzulo lake, ndipo dalaivala ankaliza hutala. Ndinawaimika pansi pa mtengo wa mango, ndinaphanimitsa flashi, ndinakoka kachitsulo kopititsa filimu monga mwa masiku onse, n'kukwera.

Ku Lusaka ndinatha miyezi ndikujambula tizithunzi ta pa ziphaso. Kenako abwana anga, eni situdiyo, anapeza ntchito yaikulu: kujambula hotela yapamwamba m'mphepete mwa Zambezi, ku Livingstone, kuti zithunzizo zikalowe m'kabuku kokopera alendo akunja. Ananditenga. Lamulo lawo linali limodzi. "Munthu asaoneke, ngakhale mthunzi wake," ankatero. "Mlendo afuna kuganiza kuti palibe anagonapo pabedi iyi."

Tinkadikira maola atatu kuti dzuwa lifike papilo. Bedi imodzi inkadya mafilimu awiri. Ine amene ndinkapanikiza ukwati wonse, ndi azakhali omwe, m'zithunzi khumi, ndinkataya makumi atatu pa mpando wopanda munthu. Tsiku lina mayi wokolopa anadutsa kuseri kwa galasi, abwana anakalipa mpaka mayiyo analira, ife n'kuyambiranso.

Ndalama zinalipo, ndisaname. Ndinagula nsapato zachikopa ndi kamera yanga yatsopano. Koma ndinkadya ndekha kuseri kwa khitchini, ndipo mwezi unkatha osamva munthu akupereka moni wa kwathu wakuti "muli uli". Ndinkasungulumwa kwambiri.

Kalata yoyamba ya alongo anga inanena za mtedza ndi sukulu ya Wezi, n'kumaliza kuti, "Chithunzi changa chili kuti?" Ndinayankha kuti chikutsukidwa, ndinapindiramo ndalama. Yachiwiri inamaliza chimodzimodzi. Ndinawonjezera ndalama. Yachitatu zilembo zinali zokhota ngati zalembedwa pa ngolo, ndipo inali ya mizere inayi yokha. Yachinayi inalembedwa ndi dzanja la munthu wina, koma funso linali lomwelo.

Ndinkadziwa chimene chikuchitika. Tonse zaka zimenezo tinkadziwa, kungoti kaliwondewonde sitinkamutchula pakhomo pathu. Koma kupita kwathu kunali kukaulula kuti ndinanamiza munthu amene anandilera, ndiye ndinkati ndipita ntchito ikatha, ndipita pa Khirisimasi. Mpaka masana ena, m'chipinda chapamwamba, ndinasuzumira m'kamera n'kuona nsalu yoyera itakokedwa bwino pabedi, popanda khwinya. Ndinakumbukira bedi ya alamu anga kuchipatala, m'mawa umene tinapeza atawachotsapo. Mawa lake ndinakwera basi.

Kabuku ka hotela kaja ndikadali nako m'kabati ya kasitudiyo kanga kuno pa boma la Lundazi. Ndi kokongola, masamba khumi ndi awiri, mulibe munthu ndi mmodzi yemwe. Sindikaonetsa makasitomala.

Nditafika kumudzi ndinayamba kulowa m'nyumba za anansi kukapereka moni, monga mwa mwambo, ngakhale kunena zoona ndinkazengereza dala. Nyumba iliyonse inali ndi ntchito ya manja anga pakhoma. Ankandilozera: uyu anatisiya nthawi ya dzinja, uyu mwezi watha, awa onse awiri. Wina anapukuta chithunzi cha mwana wake ndi chitenje asanandipatse kuti ndichione. Pamenepo ndinazindikira chifukwa chake, chaka chomaliza chija, anthu ankandiimitsa panjira popanda ukwati, popanda ubatizo, atavala zovala zawo zabwino. Ine ndinkati bizinesi yayenda.

Alongo anga ndinawapeza pamphasa kuseri kwa nyumba. Ndikanakumana nawo pamsewu ndikanawadutsa. Wezi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankawaingitsira ntchentche. Ndinagwada, ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa kamera yatsopano ndi mafilimu anayi.

"Asisi, chithunzi chija..."

"Munalibe filimu," anatero, mawu ali pansipansi. "Ninaona pamene paja. Ukakoka, kaja ka pamwamba kamazungulila ngati filimu ilimo. Sikanazungulile. Nanyamula chola chako zaka zingati, iwe?"

Ndinafunsa chifukwa chake ankangochifunsabe m'makalata onse aja.

"Ninati uzamva manyazi, uzabwela msanga kunijambula cha zoona. Nenze nikali na masaya mpaka kalata yachiwili."

Ndinakweza kamera, sindikudziwa kuti ndinkaganiza chiyani. Iwo anakoka chitenje n'kuphimba nkhope.

"Iyayi. Mwana asanikumbukile so."

Anamwalira patatha masiku asanu ndi anayi. Pamaliro azimayi a kutchalitchi anapempha chithunzi choti mwana anyamule patsogolo pa bokosi, poti malume ake ndi wojambula wa ku Lusaka. Ndinakhuthula chikwama chonse pamphasa. Munali zithunzi za mabedi, mipando ndi dziwe losambiramo. Wezi anayenda patsogolo pa mayi ake atanyamula diresi yobiriwira ija, yopindidwa kanayi.