Tsiku limene ndinaumira moni

Lachiwiri m'mawa ndinachita chinthu chochititsa manyazi. A Mbewe, aneba anga, anaimitsa njinga panjira ya ku Zemba nati, "Mwauka bwanji, a Phiri?" Ine, "Bwino." Basi, n'kupitirira. Osafunsa za ana, osafunsa za mwendo wa amayi awo umene wakhala ukutupa.

Mlandu si wanga ndekha ayi. Wina ndi wa dikishonale yopanda chikuto imene ndinagula pamsika wa pa boma. Ine sukulu ndinalekera giredi seveni, ndiye Chingerezi ndimachitola ngati masuku, limodzilimodzi. Sabata ino ndinatola mawu akuti "a man of few words". Bukulo likuti ameneyu ndi munthu wosalankhulalankhula, koma akatsegula pakamwa anthu amatchera khutu. Si wokwiya, si wamanyazi, si wonyada. Angerezi akakutchula choncho, ndiye kuti akukutamanda.

Ndinasirira. Inu mukundidziwa. Amake Tisa, akazi anga, amati ndikapatsidwa pemphero lotsekera kutchalitchi, ana amagona, kuuka, n'kugonanso. Ndiye ndinati, bwanji nanenso ndilaweko ulemu umenewu?

Pofika madzulo a Lachiwiri lomwelo uthenga unabwera wakuti ngolo ya a Mbewe, imene anandilonjeza kuti idzatuta nshawa zanga, yadwala tayala. Nshawa zili pamulu kumunda, ndipo mbuzi za m'mudzi njira zaidziwa kale.

Apa m'pamene chidwi chinandigwira. Kodi munthu wa mawu ochepa, kwathu kuno timamuona bwanji? Tikati ndi wofatsa, tamuyamikira. Tikati "uja ndi wa phee," mawu timatsitsa pang'ono, ndipo wina amafunsa, "Akusunga chiyani mumtima?" Makolo athu nawonso sanamvane. Ena anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Ena anati chetechete sautsa nyama. Nanga ife titsate uti?

Anthu achete tili nawo, ndipo timawalemekeza. Malemu amalume anga pamlandu ankangoti duu mpaka tonse malovu atatiuma, kenaka n'kuponya mawu awiri, nkhani n'kutha. Koma mukakumana nawo panjira? Moni wawo unkafika mpaka ku nkhuku zanu. Ndiye mwina kuno munthu amaloledwa kuumira mawu pabwalo, koma osati pa moni.

Nanga Angereziwo amalonjerana bwanji m'mawa? Kapena kwawoko palibe amene amabwereka ngolo ya mnzake? Sindikuseka, ndikufunsadi. Odziwa andiuze.

Lachinayi ndinapita kwa a Mbewe, chipewa chili m'manja. Ndinawapeza akusema mpini pansi pa mtengo wa mango. Ndinalonjera moni wathunthu, wofika ndi ku ng'ombe zomwe, kenaka ndinafotokoza za buku langa lija. Anaika mpini pabondo n'kundifunsa:

"Ndiye kuti palibe amene anakulakwirani?"

"Palibe, aneba."

"Ha! Ine ndinafunsa nyumba yonse. Amake ana ndawanena kuti mwina anakuyankhani mwano kuchitsime, mpaka lero sakundiyankhula." Anapukusa mutu, koma pakamwa pankaoneka kuti akubisa kuseka. "Ngolo ibwera mawa, tayala lachira. Koma za Angerezizo muzisiye m'bukumo, a Phiri. Wachete timamudziwa kuyambira ali kumsana kwa amake. Wolongolola ngati inu akangoti zii, ife timayamba kufunsana kuti wamwalira ndani."