Malambe a Che Atumani

Ajira anakwatiwa ndi munthu wokwera mitengo. Kumudzi kwawo, kutsidya kwa nyanja pakati pa Malindi ndi Makanjira, pafupifupi mwamuna aliyense anali wa bwato ndi khoka, koma Che Atumani nyanja sinkawayanja. Akangokwera bwato ankasanza mpaka ndulu. Iwo ntchito yawo inali ya milambe. Ankasema zikhomo za tsanya n'kumazikhomera m'thunthu la mlambe chimodzichimodzi, phazi pa chikhomo cha m'munsi, dzanja pa cha m'mwamba, mpaka kukafika kunthambi kumene mwala woponyedwa ndi munthu wapansi sufika. Ali kumeneko ankagwetsa malambe ndi nsungwi yaitali, Ajira n'kumatola.

Yotsalayo inali ntchito ya mkazi. Ajira ankaswa malambewo pamwala, kupuntha zam'kati mumtondo mosamala kuti ufa usiyane ndi njere, n'kusefa. Ufa woyera wowawasawo ankakasinthitsa ndi usipa kudooko, kapena ndi chinangwa kwa anthu a kumtunda. Sunkasowa oufuna. Mayi woyamwitsa amene mkaka waphwa ankabwera ndi kambale. Munthu wongochira kumene malungo, m'kamwa mukukanabe chakudya, ankatuma m'bale wake. Ikafika nyengo ya matenda otsegula m'mimba, pakhomo pa Ajira sipankaphwa anthu. Amida, mwana yekhayo amene anapulumuka mwa anayi amene Ajira anabereka, anakulira phala la malambe. Ajira sankadzitcha sing'anga. Ankangoti ufawu umabwezera mphamvu m'thupi ndi kupoletsa zilonda, monga anaonera kwa mayi ake.

Zaka zimenezo dera la kutsidya boma linkaliyang'ana ndi diso loipa. Kunkamveka mbiri yoti zigawenga zimabisala m'mapiri a kumalire ndi Mozambiki, ndipo munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu amene sanalankhule n'komwe. Wina, amene Ajira sanamudziwe moyo wake wonse, anakanena kuti Che Atumani sakwera milambe chifukwa cha zipatso, koma kuti azionera patali magalimoto a asilikali n'kumachenjeza anthu a kuphiri. Landirova inabwera m'mawa wa Lachisanu, iwo akuyanika mkanjo woti avale kumzikiti. Khadi la chipani anali nalo ndipo anaonetsa, koma palibe amene analiyang'ana.

"Mayi a Amida, zikhomo zija zili patsindwi, zisanyowe," anatero akukankhidwira m'galimoto.

Kuyambira tsikulo anthu anasiya kubwera ndi timbale tawo. Kuchitsime Ajira akafika, nkhani zinkatha. Kuboma anapitako kawiri kukafunsa, ndipo kachiwiriko wapolisi anamuuza motsitsa mawu kuti akabweranso sadzabwerera kwawo. Chaka chinatha osadziwa ngati mwamuna wake ali moyo.

Kenako anamva kuti msodzi wina wa ku Malindi, Simioni, watuluka m'ndende. Anamangirira Amida kumbuyo n'kuyenda wapansi mpaka kukamupeza atakhala pakhonde, ataphimba pakamwa ndi dzanja.

"Amuna anu ndawasiya ali moyo, mayi," anatero Simioni atayang'ana uku ndi uku. Anatchula ndende imene anali, ya kummwera, ulendo wa tsiku lathunthu. "Koma taonani kuno."

Anachotsa dzanja lija. Nkhama zinali zakuda, zotupa, ndipo mano otsala anali owerengeka, nawonso akugwedera.

"Mgaiwa wonunkha ndi nyemba zofumbwa, tsiku ndi tsiku. Masamba sitinawaone, ngakhale kandimu. Zimayambira m'nkhama, magazi osaleka. Kenako mabala amene anapola kalekale amatsegukanso, miyendo n'kutupa."

"Kodi chakudya chakumudzi amalola?" anafunsa Ajira.

"Nthawi zina, ngati pachipata pali munthu wachisoni. Chophika chimakafika chitasasa. Chouma ndiye chimalowa."

Ajira anabwerera akudziwa chochita. Vuto linali loti malambe am'munsi anali atagwetsedwa kale ndi miyala, ndipo panalibe mwamuna amene akanakwerera mkazi wa chigawenga. Anatsitsa zikhomo patsindwi, anamanga nsalu yake ngati thewera, n'kupita kumlambe wa kuseri kwa munda wawo. Mkulu wake, Mwanamvua, anamutsatira akumuchonderera.

"Mng'ono wanga, unaona kuti mkazi akukwera mtengo? Anthu atinena chiyani?"

"Akutinena kale, achemwali. Gwirani mwanayu."

Tsiku loyamba anangofika pakati n'kutsika, zikhatho zitasupuka. Tsiku lotsatira anafika kunthambi. Kumwambako kunali nyerere zoluma, mphepo, ndi njuchi m'phanga la mtengo, koma malambe anagwa. Amuna opita kudooko ankatembenuzira nkhope kumbali, akazi n'kumasekera m'nsalu.

Ulendo wa kundende unali wa lole mpaka kuboma, kuwoloka Shire, basi, ndiye wapansi. Pachipata anapeza msilikali wa ndende wa imvi zongoyamba, dzina lake Willard.

"Wandale saonedwa, mayi."

"Sindinabwere kudzawaona, bwana. Ndangobweretsa ufawu."

Willard anavundula m'kathumbamo ndi kamtengo, kuopa mpeni kapena kalata, n'kulawa pang'ono. Nkhope inakwinyika ndi kuwawasa.

"Dzina?"

"Atumani Iddi."

Analowa nako. Atatulukanso anangoti, "Alandira. Akufunsa ngati mwana wayamba kulankhula."

Ajira analirira m'basi, kulira kwa munthu amene wamva mawu a mwamuna wake kudzera m'kamwa mwa wina. Kuyambira pamenepo moyo wake unali wa mlambe ndi chipata. M'chilimwe ankakwera, kusinja ndi kusunga ufa m'mitsuko yomata bwino kuti ukwanire mpaka dzinja. Pakangotha miyezi iwiri kapena itatu ankanyamuka. Munda unamera tchire. Mbuzi zinatha ndi maulendo. Willard ankalandira kathumba n'kubweretsa mawu pang'ono: akuti nkhama zasiya magazi, akuti mupereke moni kwa alamu awo, akuti Amida asamasewere kunyanja. M'kupita kwa nthawi mawuwo anafupika, n'kungotsala akuti ali bwino, ndipo Willard ankawanena akuyang'ana nsapato zake. Ajira anaganiza kuti mwina akuluakulu amuopseza.

Chilimwe chachiwiri chikhomo china chakale chinazuka ali pamwamba. Anagwera pamizu, chiuno n'kuthyoka. Kuchipatala sanapite, poopa mafunso. Anagona pamphasa kwa Mwanamvua mpaka mvula yoyamba, ndipo atadzuka mwendo wakumanzere unali utafupika. Chinthu choyamba chimene anachita atatha kuponda pansi chinali kupita kundende ndi ndodo, kukapepesa kuti anachedwa. Chilimwe chotsatira anakweranso, milambe yaifupi yokha, akukoka mwendo uja chikhomo ndi chikhomo.

Chaka chachinayi chili mkati, kunabwera mlendo pa bwato lochokera ku Monkey Bay. Anali wamtali, woonda, wovala malaya omukulira. Anapeza Ajira akusefa ufa pakhomo, ndipo anakana mpando n'kukhala pansi.

"Ine ndine Macloud, mayi. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma ndinkaphunzitsa kutsidyaku asananditenge. Ndinali chipinda chimodzi ndi a Che Atumani. Ndatuluka mwezi wathawu."

Ajira anaika sefa pansi. "Ali bwanji?"

Macloud anafikisa manja m'mawondo.

"Anatisiya, mayi. Chifuwa. Linali dzinja loyamba lija mutangoyamba kubwera. Ufa wanu anaulandira kawiri kokha."

Ajira sanalire. Anangofunsa kuti, "Nanga ufa winawo?"

Ndiye Macloud anafotokoza. M'chipindamo munali anthu ambiri, ogona moyang'ana mbali imodzi chifukwa cha kuthina. Kathumba koyamba katafika, Che Atumani sanadye okha. M'mawa uliwonse ankasungunula ufa pang'ono m'chitini cha madzi, chitinicho n'kumazungulira, aliyense kamodzi. Pasanathe mwezi magazi a m'nkhama analeka. Amene mabala anali atatseguka anaona akuuma, otsegula m'mimba anayamba kuimirira. Che Atumani atamwalira, kathumba kena kanafika. Willard analowa nako n'kuima pakhomo, osadziwa chochita nako.

"Tinamupempha tokha kuti asakuuzeni. Tonse, ine ndemwe. Mawu amene ankakubweretserani tinkapeka ndife, kuchokera pa zimene amuna anu ankatiuza za inu ndi mwana. Zitatithera tinangoti azikuuzani kuti ali bwino."

"Manda ali kuti?"

"Kuseri kwa munda wa ndende. Anawanyamula akaidi ena. Palibe chizindikiro."

"Anawasambitsa? Nsalu ya sanda inalipo?"

"Ayi, mayi. Bulangeti lomwe ankafunda."

Ajira anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Tatsegulani pakamwa."

Macloud anamvera ngati mwana. Mano anali onse, oyera, olimba.

"Sindinabwere kudzapempha kuti mutikhululukire," anatero atatseka. "Koma mkatimo mwatsala anthu. Mwezi uno akudikira."

"Chokani pakhomo panga, aphunzitsi."

Macloud anadzuka n'kubwerera kudooko.

Madzulo ake Ajira anapita kwa shehe wa m'mudzimo kukafunsa za eda, masiku amene mkazi wamasiye amabindikira. Shehe anati nthawi yake inadutsa kale iye osadziwa, ndipo Mulungu samuwerengera tchimo. Za sadaka ya maliro anayankha monong'ona.

"Boma silinanene kuti munthuyu wamwalira. Tikasonkhanitsa anthu, ndiye kuti tikunena ife zimene boma silinanene. Phikani kampunga pang'ono, ndibwera ndekha."

Motero dua yopempherera mzimu wa Che Atumani inachitikira m'nyumba, chitseko chili chotseka, anthu ake ali shehe, Ajira, Mwanamvua ndi Amida, amene sankakumbukanso nkhope ya bambo ake ndipo ankangoyang'ana mbale.

Mtsuko wa ufa umene anakonzera ulendo wotsatira unakhala pakona. Ajira sanaugulitse, sanaudyenso. Akadzuka ankauona, akamagona ankauona. Ankawada anthu a m'chipinda chija, anthu amene anamusiya akukwera mitengo ndi chiuno chothyoka chifukwa cha munthu amene anali kale m'dothi. Koma pakamwa pa Simioni sipankachoka m'maso mwake. Mwezi utatha anakhuthulira ufa uja m'kathumba n'kutenga ndodo yake.

"Wapenga kodi?" anatero Mwanamvua. "Ukukapatsa ndani?"

"Sindikudziwa, achemwali."

Pachipata Willard panalibe. Panali msilikali wachinyamata, yunifomu yake yatsopano, amene anati mkulu uja anasamutsidwa ndipo asamufunsenso.

"Dzina la mkaidi?"

Apo m'pamene Ajira anazindikira kuti sanafunse Macloud dzina la munthu ngakhale mmodzi wa otsala aja. Dzina limene ankalidziwa linali limodzi lokha, ndipo analitchula.

Msilikaliyo analowa, n'kutuluka posakhalitsa. "Kuno kulibe munthu wa dzina limenelo. Sanakhaleko n'komwe."

"Ndiye mungopatsa aliyense wa m'chipinda cha andale, bwana. Ndi mankhwala a nkhama."

"Chinthu chopanda mwini sichilowa. Ndidziwa bwanji kuti si poizoni?"

Analanda kathumbako n'kukakhuthulira m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, n'kumuuza kuti akapitiriza kuima pamenepo amupezera malo mkati. Ajira anaima tsidya lina la msewu n'kumaonerera mbuzi za anthu a m'deralo zikunyambita ufawo mpaka m'ngalande munatsala matope okha. Kundendeko sanapitenso.

Mwendo unapitirira kuvuta, ndipo Amida atakula n'kukwatiwa ndi telala wa ku Mangochi boma anatenga mayi ake. Kumeneko Ajira ankakhala pafupi ndi pokwerera mabasi ndi lichero la malambe oswaswa ogula kwa ena. Sankalankhula zambiri. Amayi a ana ofooka akamufunsa, ankawauza kapangidwe ka phala mwachidule n'kuyang'ana kumbali.

Tsiku lina, patapita zaka zambiri, munthu wonenepa bwino, wa jekete, anatsika basi ya ku Monkey Bay ndi mkazi ndi ana atatu. Anaima patsogolo pa lichero, n'kuvula chipewa. Ajira anamuzindikira Macloud asanalankhule.

"Otsala aja," anafunsa Ajira osapereka moni, "anatuluka angati?"

Macloud anayang'ana ngati pali wa chipani pafupi. "Amene ndawaonako ndi maso anga ndi atatu, mayi. Enawo ndimangomva kuti dzinja lotsatira linali loipa."

Ajira anagwedeza mutu pang'ono. Mkazi wa Macloud, amene sankadziwa kanthu, ananyamula mwana wamng'ono n'kukumbutsa mwamuna wake kuti basi ya ku Namwera ikudzaza, ndipo anapita.

Ajira anamwalira chaka cha chilala chachikulu, nthawi imene anthu anali atangoyamba kunong'onezana za zipani zambiri. Anaikidwa kumanda a Asilamu a kuboma, ndipo amene anaperekeza maliro ake ambiri ankangomudziwa ngati mayi otsimphina ogulitsa malambe padepoti.